Mwana Wobwereka ku Sikelo

Pa siteji ya basi ku Namitambo, mu 1986, amayi awiri osadziwana anakhala pamthunzi umodzi. Mmodzi anabereka mwana wonenepa kwambiri.

"Koma mwana wanuyu ngwojintcha, mayi! Mumamudyetsa chiyani?"

"Si wanga, ngwa alamu anga a Yunis. Ndabwereka, ndikuchokera naye ku sikelo."

"Nanga wanu?"

"Wanga Flywell ngwoonda. Akamupachika pa sikelo, anamwino amandikalipira pagulu. Ndiye kumudzi kwathu tonse timangobwereka yemweyu. Lero wayezedwa kanayi. M'mawa anali Mateyo, masana anali Dora."

"Dora? Mwamunayu?"

"Tinamuveka diresi."

"Nanga manambalawo amapita kuti?"

"Akuti ku Lilongwe, kenaka kunja, kwa aja amawerengera matenda a dziko lonse lapansi. Kumeneko aona kuti kwathu ana onse ngonenepa. Atiyamikira ndi kalata, ndipo likuni phala timalandira lija atidula."

"Kalanga ine! Ndiye Flywell adya chiyani? Mwezi wamawa mupite naye mwiniwakeyo, amuone."

"Iii, mayi! Atsike makilo asanu mwezi umodzi? Adzati ndikumudya ndine."