Anandidikira ndi sanda m'manja

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za nthenda imene ndadwala zaka khumi ndi ziwiri, nthenda yopanda mankhwala kuchipatala: kuuma mtima. Ndikulemba ndili wotopa, sabata yachitatu ino sindinatsegule benchi yanga ya usipa kuno ku Monkey Bay, koma ndikakhala chete ndichimwa kawiri.

Tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga Esinati, m'banja la Anglikani lenileni, la kwaya ndi yunifomu ya amayi. Esinati atafuna kukwatiwa ndi mnyamata wa Chisilamu wa ku Namwera n'kutenga dzina loti Asiyatu, ndinalumbira kuti ku ukwatiko sindikapondako. Apongozi ake, mayi wamfupi wotchedwa abiti Ajusa, anabwera okha kudzandinyengerera, ine ndinawasiya chiimire pabwalo. Chodabwitsa n'chakuti pamsika pano ndimadyera mbale imodzi ndi Asilamu, Idi ikafika mpunga wawo sindikana. Koma wa m'mimba imodzi ndiye ndinamuona wosochera. Ankaimba foni, ine osayankha, mpaka anatopa.

Lachiwiri lina m'mawa mlamu wanga anandiimbira. "Alamu, mng'ono wanu watisiya mbandakucha. Ndi matenda a shuga."

Ndinalira, kenako ndinachita uchitsiru umene ukundiotchabe. Ndinaganiza mwa kwathu: maliro amagona, bokosi likhomedwe, akwaya asonkhane, kuika mawa. Ndiye ndinati ndiyambe ndayanika usipa wanga ungaole. Mayi Fatuma, mnzanga wa benchi yoyandikana, anandipeza ndikutembenuza nsomba pathandala.

"Mwati wamwalira mbandakucha? Nanga mukutani pano? Ife sitigoneka maliro, mayi! Swala ya masana, mapemphero athu aja, ikangotha akukaika!"

Zaka zonsezi ndakhala pakati pa Asilamu, zimenezi ndimazidziwa bwinobwino. Koma m'mutu mwangamu Esinati anali akadali wa kwathu.

Nthawi inali itakwana teni. Minibasi ya pano mukuidziwa, siyenda isanadzaze, ndipo kondakitala alibe maliro. Tinaima paliponse, wina atsike, wina akweze dengu, wailesi ikungolongolola za andale omwe aja ndi malonjezo omwe aja. Pa boma ndinakwera matola, tinaoloka mlatho n'kuyamba kukwera phiri pang'onopang'ono ngati galimoto likudwala. Tili pakati pa phiri ndinamva kuitana kwa swala pa mzikiti wa m'mbali mwa msewu, ndinadziwa kuti nthawi yokaika ija yayandikira. Ndinati, Ambuye, sindikupempha kuti mumudzutse, ndilibe nkhope yopemphera zimenezo. Mundilole ndingomuona asanamukwirire. Kupemphera kwake kunali kongotopa, chikhulupiriro ndinalibe.

Ndinafika ku Namwera thuu itadutsa. Ndinkayembekezera kukumana ndi amuna akuchokera kumanda, koma ndinawapeza ali khale pansi pa mtengo wa mango, nkhope zili ndwii, jeneza lonyamulira maliro lili pambali lopanda kanthu. Mlamu wanga anangoloza khomo. "Lowani, amayi anga atikaniza kukaika."

Abiti Ajusa ndiwo amasambitsa maliro a amayi m'mudzimo. Pambuyo pake amayi ena anandiuza kuti poyamba abiti Ajusa anauza amunawo kuti madzi sanatenthe. Kenako anati sanda, nsalu yoyera yokulungira ija, yadulidwa molakwika. Ashehe atatumiza uthenga kachitatu, mayi uja anatuluka n'kunena poyera kuti nkhope saiphimba mpaka mkulu wake wa malemu atafika, akaike ikatha swala ya madzulo. Okumba manda anadandaula, ena anapsa mtima, iwo osasuntha.

M'chipindamo ndinapeza mng'ono wanga atakulungidwa thupi lonse, nkhope yokha ili poyera. Anali ndi imvi pamphumi, ine sindinadziwe kuti anamera imvi. Abiti Ajusa anali atagwira nsonga ya sanda m'manja.

"Bwerani, mwanangu," anatero. "Ankanena kuti inu mumachedwa chilichonse, koma kubwera mudzabwera."

Ndinagwada, ndinamugwira tsaya, ndinamuuza zonse zimene ndinazisunga zaka zija. Palibe anandifulumizitsa. Nditatha, abiti Ajusa anandigwira dzanja kuti tiphimbe limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la munthu wosayenera, ndipo analiyankha kudzera mwa mayi amene sanalowepo m'tchalitchi mwathu. Ndikuthokozanso amuna aja amene anapirira dzuwa ndi njala chifukwa cha mlendo wamwano. Inu amene mwatopa ndi kupemphera, musaleke, ngakhale pemphero lofooka limafika. Koma ndikuchenjezeni, abale anga: pepani ndinamuuza, iye sanayankhe. Ngati wanu akadali woti angayankhe, siyani zimene mwagwirazo munyamuke lero.