Mbuzi ya Mayi Muriel ndi Chilatini cha Bambo Yoswa

Moni, okondedwa mwa Ambuye. Tithokoze Chauta potidzutsa amoyo, ngakhale ena adzuka ndi malamulo m'mutu.

Bambo Yoswa a ku Khuyu anali kalaliki wa khoti kumtunda, ndipo popuma pantchito anabwerako ndi Chilatini pang'ono. Mbuzi ya alamu awo, Mayi Muriel, italowa m'munda mwawo, anaisunga milungu itatu. Inali ndi bere, ndipo mayiwo analibe ina.

"Alamu, ndabwerera mbuzi ija," anatero Mayi Muriel.

Bambo Yoswa anakonza magalasi. "Corpus et animus."

"Amen."

"Si pemphero, alamu. Ndi lamulo."

Anafotokoza mwachifatse kuti corpus ndiko kukhala nacho chinthu m'manja n'kumachilamulira, animus ndi mtima woti chinthucho n'chako. Ziwirizi zikakumana, anatero, nkhani yatha.

Mayi Muriel anayang'ana manja a alamu awo. "Koma m'manjamo muli kapu ya tiyi."

"M'manja mwa lamulo!"

Mayiwo anafunsa ngati mbuziyo inauzidwa. Anafunsanso ngati inavomera. Bambo Yoswa, thukuta lili kamukamu, anati mbuzi saifunsa maganizo. Iwo ndiwo amaimasula m'mawa, iwo ndiwo amaimanga madzulo, siponda paliponse popanda chilolezo chawo.

"Paliponse?"

"Paliponse."

"Ndi Lachisanu lomwe?"

"Makamaka Lachisanu," anayankha, akudziguguda pachifuwa.

Mayi Muriel anawomba m'manja mwaulemu, nkhope ili gwa ngati ya munthu wolandira Mgonero. Anati ndiye kuti mtolo wawachoka. Lachisanulo amayi a mpingo anachapa nsalu ya paguwa, ija anaisoka miyezi isanu kukonzekera Pasaka, n'kuiyanika pamwala. Mbuzi inadya mtanda wonse wa pakati pa nsaluyo ndi theka la nkhunda yosokedwapo. Amayi makumi atatu akufuna mwini wake akaime kutsogolo Lamulungu.

"Ine ndimati ndikaime ndine," anatero akunyamuka. "Koma poti lamulo lanena, ndikawauza. Mwati kopasi ndi chiyani? Ndikatchule bwino."

Bambo Yoswa anaganiza za amayi makumi atatu aja, wapampando wa amayiwo ali mkazi wawo yemwe. Anathamangira kumtengo wa mango kumene anamanga mbuziyo, n'kumasula mfundo ya chingwe.

"Tengani mbuzi yanu, alamu. Chilatini n'cha Akatolika. Ife ndife a Angilikani."

Ambuye akudalitseni, owerenga, akusungeni inu ndi ziweto zanu, chilichonse pakhomo pa mwini wake.