Mayi Tusajigwe ndi Mnzawo wa Loweruka

Malemu Mayi Tusajigwe Dzimbiri, mwana wa a Mwakibinga, anabadwa pa 9 Malichi 1974 ku Kaporo m'boma la Karonga, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerengane ndine Felister Dzimbiri, mayi wa a Wickson, amuna awo a malemu. Banja landituma chifukwa a Wickson mawu awathera. Ine sanandithere.

Ndikuuzirenitu kuti ndakwiya, kuti musamadabwe ndi nkhope yanga. Pa masitepe kuseri kwa chitseko icho pakhala munthu, Mayi Sellina Nkhwazi, mphunzitsi mnzawo wa malemu. Chiyambire maliro ano mwawakaniza kulowa m'nyumba muno, ati ndiwo anapha apongozi anga. Mbiriyi ndiiwerenga m'ndondomeko yake, ndipo tikafika pa nkhaniyo mudzimvera nokha.

Malemu anayamba sukulu mu 1980 ku Kaporo komweko. Sekondale anakaphunzira ku Mzuzu, ndipo anamaliza Fomu 4 mu 1993. Chaka chotsatira analowa koleji ya aphunzitsi, ndipo mu 1996 boma linawatumiza kwathu ku Ntcheu. Ine ndinawadziwa asanakhale apongozi anga. Anabwera pakhomo kudzafunsa chifukwa chimene mwana wa mchemwali wanga anasiyira sukulu. Tinawapatsa mpando ndi nthochi poganiza kuti adya n'kumapita. Anadya, koma sanapite mpaka titawayankha. A Wickson anawaona tsiku lomwelo. Ukwati unachitika mu Ogasiti 1998. Akwawo anati ng'ombe, ife tinati chabwino, ndipo sitinadandaulepo. Mwana woyamba, Mwai, anabadwa mu 2000.

Mu 2003 a Wickson anapeza ntchito yokonza makina oziziritsa ku Joni, banja lonse linasamukira kumeneko. Mu 2004 malemu analembedwa ntchito pa sukulu ina ya pulaimale ya Ayuda, poyamba ngati wothandizira m'kalasi, kenako mu 2006 anapatsidwa kalasi yawoyawo ya masamu. Ambiri muno simukuzidziwa zimenezi. Ayuda ali ndi sukulu zawo, kumene ana amaphunzira masamu ndi Chingerezi monga kulikonse, kuwonjezapo Chiheberi ndi za chipembedzo chawo. Malemu analowamo ali Mkhristu ndipo anatulukamo ali Mkhristu. Palibe anawavutitsa.

Pa sukulu imeneyo panali lamulo loti mphunzitsi nayenso aziphunzira. Kamodzi pa sabata, ana akaweruka, aphunzitsi ankatsalira. Aliyense ankapatsidwa mnzake mmodzi wophunzira naye, ndipo kaphunziridwe ka awiriawiri kameneka eni ake amakatcha havuruta. Wina amayala phunziro limene wakonzera ana, mnzakeyo ntchito yake n'kulipezera pamene pali pofooka. Amatsutsana kwenikweni, mawu n'kukwera, manja n'kumenya tebulo. Mawa lake mnzakoyo amadzakhala kumbuyo kwa kalasi yako kuti aone ngati zimene unalimbikirazo zikugwira ntchito pa ana.

Mnzawo woyamba wa malemu anali mayi wachikulire wachiyuda amene anaphunzitsa masamu moyo wake wonse. Apongozi anga, poti analeredwa kwathu kumene wamkulu sayankhidwa, chilichonse ankangoti inde mayi. Mwezi usanathe mayi uja anawauza maso ndi maso kuti munthu wongovomera alibe naye ntchito, apite kunyumba akabwere ndi zifukwa zosonyeza kuti iye walakwitsa. Malemu anandiimbira foni akulira, ati andinyoza. Ine ndinawauza kuti pukutani misozi, kapezeni zifukwazo. Anazipeza. Anakangana ndi mayi ameneyo zaka zambiri, ndipo pamene mwana wachiwiri, Alinaswe, anabadwa mu 2007, munthu woyamba kufika kuchipatala ndi matewera anali yemweyo. Sukulu inkawatumizanso ku maphunziro a nthawi ya holide, ndipo pofika 2011 malemu ndiwo ankaphunzitsa aphunzitsi ongoyamba kumene.

Mu 2014 a Wickson anapeza kontirakiti ku hotela ina kuno ku Doha, ndipo malemu analembedwa pa sukulu ina ya pulaimale. Atangofika, Amalawi anzathu anawalangiza kuti kuno za sukulu ya Ayuda asamazitchule, angadziputire mavuto. Anakumverani. Kaphunziridwe kaja anangokatcha awiriawiri, osafotokoza kumene anakatenga. Ine ndinabwera mu 2016 kudzathandiza kulera Alinaswe, ndiye zimene zikutsatirazi sindinachite kumva kwa munthu.

Mu Juni 2017 mayiko oyandikana nafe anatseka malire. Mukukumbukira mmene tinkathamangira mkaka m'masitolo. Kusukulu nako zinavuta. Munthu amene ankabwera kuchokera ku Dubai kudzasula aphunzitsi analeka kubwera, aphunzitsi ena anachoka, ndipo amene analowa m'malo mwawo ambiri anali osazolowera kalasi. Akuluakulu a sukulu anafunsa ngati alipo angagwire ntchito yosulayo. Malemu anakweza mkono. Anawagawa aphunzitsi onse awiriawiri, ndipo iwo anadzisankhira Mayi Sellina, mtsikana wa ku Salima amene ankaphunzitsa Giredi 3. Chifukwa chake anandiuza okha. Pa msonkhano wina, aphunzitsi onse atagwedeza mitu kuvomera, Sellina yekha anaimirira n'kunena kuti pepani amayi, apo mwaphonya.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana Mayi Sellina ankakwera basi ku Najma kubwera muno. Ankakhala pa tebulo ilo mwaikapo chithunzi ndi makandulo. Phokoso linalipo, sindikukana. Loweruka loyamba ndinatuluka m'khitchini manja ali ndi sopo n'kuwafunsa ngati akumenyana. Anandiseka. Nkhani inali yakuti pophunzitsa ana theka ndi kota, kodi ndi bwino kudula khubuzi, buledi wa kuno uja, kapena kupinda pepala. Apongozi anga anali ku khubuzi, Sellina ku pepala, ati ana a Giredi 3 ukawapatsa buledi amadya phunziro lisanathe. Anakangana mpaka tiyi wa karaki anazizira, kenako khubuzi uja anadya onse awiri. Ine ndinafunsa kamodzi ndipo ndinayankhidwa. Inu a m'mafulati ano a ku Rawdat Al Khail, makoma ndi matabwa, munkamva zonse. Alipo mmodzi anagogoda kudzafunsa? Munkatsitsa wailesi n'kugunditsa khutu kukhoma.

Malemu anali ndi matenda othamanga magazi chibadwire Alinaswe, ndipo mu 2016 madokotala anapeza kuti impso zayambanso kufooka. Izi a Wickson ankazidziwa, ine ndinkazidziwa, Sellina ankazidziwa. Inu simunkazidziwa, chifukwa malemu ankadziwa kumene nkhani imakathera ikalowa pagulu lathu la pa WhatsApp. Loweruka pa 13 Okutobala chaka chino cha 2018 anagwa pa tebulo lomwelo. Inde, ankakangana. Nkhani inali ya mwana wachibwibwi, kaya aziwerenga mokweza pamaso pa anzake kapena aziyamba wawerengera mphunzitsi payekha. Ndinalipo. Mawu anangoduka pakati, kamwa linapotoka, kapu inagwa. Sellina ndiye anawagoneka chammbali, anaimbira ambulansi, n'kukweramo opanda nsapato. Madokotala anati ndi sitiroko, ndipo ananena poyera kuti ikanawapeza ngakhale ali m'tchalitchi kapena m'tulo.

Kuchipatala malemu sanayankhulenso. Ena mwa inu munabwera, zikomo, munajambula diripu n'kumapita. Mayi Sellina ankaweruka kusukulu n'kulunjika konko tsiku ndi tsiku. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadzoza mafuta kumsana, ntchito imene ine ndi nsana wangawu sindikanaitha. Akamaliza ankatulutsa phunziro la mawa n'kumawawerengera. Malemu akamva chimene sakugwirizana nacho ankamenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere, lokhalo linatsala lamoyo. Sellina ankawayankha kuti ayi amayi, apa ndiye sindikusinthani, ndipo chitsulo chinkaliranso. Anesi anazolowera. Nthawi yokhayo ndi imene ndinkaona maso a apongozi anga akuwala.

Nthawi yomweyo, kuno uthenga wa mawu unali utayamba kuyenda m'mafoni. Ati awiriwa anali pa udani chaka chonse. Ati Sellina anawakalipira dala mpaka magazi anakwera. Ena anathira mchere, ati anabwera ndi mankhwala kuchokera ku Salima. Sukulu itapereka ntchito yosula aphunzitsi kwa Mayi Sellina munati mwaona, ankafuna mpando. Nanga akanapatsa ndani? Munthu amene malemu anamusula chaka chathunthu ndi manja awo ndi ameneyo. Mpando wake ndi wotani, ntchito yotsalira anzako ataweruka?

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 20 Novembala 2018, ali ndi zaka 44, dzanja lawo lili m'manja mwa a Wickson, mapazi awo ali pa miyendo ya Sellina. Madzulo a tsiku lomwelo Sellina anabwera muno atavala chitenje, atanyamula poto wa ndiwo. Ine ndinali ku ofesi ndi a Wickson kukonza zonyamula thupi. Amayi a muno munawabweza pachitseko, ndi poto yemwe. Uthenga wanu uja wafika ku Kaporo, mpaka achimwene awo a malemu anandiimbira kuti mfitiyo isayandikire bokosi. Wafikanso ku Salima, kumene mayi ake a Sellina, munthu wa msinkhu wanga, akulephera kupita ku mjigo masana. Wina mwa inu anafika mpaka kwa akuluakulu a sukulu. Kontirakiti ya Mayi Sellina ikutha mu Juni, ndipo nonse mukudziwa kuti kuno munthu ukanenedwa kwa abwana safunsa zambiri. Amangoti khalasi, zatha, pita ukapakire.

Ndife ochepa m'dziko la eni. Malire atitsekera, nafenso tizitsekerana zitseko? Malemu sanaphedwe ndi munthu. Amene akuphedwa ndi uyo ali pa masitepe, ndipo zida zake zili m'zikwama zanu.

Apa ndalemba kuti ndiime. Mayi Lucia, inu ndinu wapampando wa amayi, ndipo ndinu munatseka chitsekocho Lachiwiri. Imirirani mukatsegule nokha, mukawagwire dzanja. A Rex, sunthani nsapato izo adutse. Ndege ndi mawa, ine ndili ndi mpando ndi madzi akumwa, sindikuthamangira kulikonse. Mbiriyi siitha munthuyo ali panja, ndipo maliro opanda mbiri mukawafotokozera nokha a ku Kaporo.

Sellina, mwana wanga, khalani apa, pakati pa a Wickson ndi Alinaswe. Musagwade. Simunalakwire munthu.

Banja lagwirizana izi. Amene anayambitsa uthenga uja ajambule wina lero, dzuwa lisanalowe, pagulu lomwelo, ndi mawu ake omwewo, ndipo onse amene munautumiza ku Karonga ndi ku Salima mutumizenso watsopanowo kwa anthu omwewo. Sinditchula dzina, mawu ake tonse tinawamva. Mawa Lamulungu, poti kuno ndi tsiku la ntchito, a Wickson akaonekera kusukulu kukanena zoona ndege isananyamuke. A ku Kaporo ndayankhula nawo ndekha ndipo amva. Thupi linyamuka mawa kudzera ku Nairobi, poti njira ya ku Dubai ndi yotseka. Operekeza ndi a Wickson, Alinaswe, ine ndi Mayi Sellina.

Malemu asiya amuna awo, a Wickson Dzimbiri. Asiya ana awiri, Mwai amene ali ku koleji ku Zomba ndipo akatichingamira ku Lilongwe, ndi Alinaswe amene ali nafe pano. Asiya mayi awo owabereka ku Kaporo, alongo awo awiri ndi achemwali awo atatu. Asiya ine apongozi awo. Asiyanso Mayi Sellina Nkhwazi, amene tikabwerako adzakhala ndi phunziro m'manja koma wopanda wowatsutsa. Aphunzitsi muli muno ndikukuonani. Tebulo lilipo, Loweruka lilipo. Amene ali ndi pakamwa potha kunena za mnzake, abwere adzanenere pamaso pake, pa nkhani ya ana a eni.

Tikuthokoza anesi achimalawi amene ankatizondera malemu pa nthawi yawo yopuma, makamaka Mayi Maimuna. Tikuthokoza a Ajibu, amene galimoto yawo yayenda m'maofesi onse osatopa, abusa ndi a kwaya, aphunzitsi a mitundu ina amene abwera ngakhale sakumva Chichewa, ndi amayi amene mwaphika masiku onsewa. Kuphika mwaphika bwino, zimenezo sindingakulandeni.

Tusajigwe, apongozi anga, ntchito yanu munaigwira ndipo mnzanu walowa m'nyumba. Pitani mukagone kwanu ku Kaporo. Mzimu wanu uuse mumtendere.