Lero Tiikankha Komaliza

Malemu anabadwa pa 14 Marichi 1949, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina loti a Sipanala. Ine ndine mwana wawo woyamba. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi amalume, koma ndawapempha kuti andisiyire, chifukwa muli mawu ena amene ayenera kutuluka pakamwa panga, osati pa munthu wina.

Anayamba sukulu mu 1956 ndipo anamaliza sekondale mu 1968. Mu 1969 analembedwa ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, komwe anayang'anira makina kwa zaka makumi anayi. Anzawo a kuntchito muli pano mundichitire umboni: malemu makina ankawamva ndi khutu. Ankangoima pakhomo, kupendeketsa mutu, n'kunena kuti lamba wa makina achiwiri watsala pang'ono kuduka. Ndipo ankadukadi.

Pa 12 Julaye 1975 anamanga banja ndi mayi athu akhala apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu 1983 m'banjamo munalowa wina amene mayi anamutcha mkazi mnzawo. Inali galimoto yobiriwira ya mu 1962, imene bambo anaipeza itagona kuseri kwa nyumba ya dokotala wina wopuma ntchito, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Kwathu inabwera chokokedwa ndi chingwe. Panatenga zaka ziwiri kuti ilire. Masipeya ake anali atasiya kale kupezeka m'masitolo, ndiye bambo ankalemba makalata, kuyenda m'malo otaya zitsulo, ndipo galasi la nyali imodzi analidikira miyezi isanu ndi itatu. Patebulo lathu lodyera pankakhala zidutswa za injini zitayalidwa pa nyuzipepala, ndipo beseni lochapira la mayi linkanunkha petulo chaka chonse. Koma ikatuluka pamsewu itapukutidwa bwino, ayi ndithu, anthu ankaima. Achikulire ankaibayibitsa, akwati ankaipempha pa maukwati awo, bambo ali phee pa chiwongolero ngati nduna.

Ife ana tinkaidziwa bwino chakumbuyo, pakuti ntchito yathu inali kukankha. Tinaikankha popita ku tchalitchi, tinaikankha pamvula, ndipo ine ndinaikankha nditavala suti pa tsiku la ukwati wanga mu 2004. Musadzigwire, sekani, eniakenso akanaseka. Mayi kuwongolera galimoto anaphunzira momwemo, iwo ali kutsogolo, bambo ndi ife tili thukuta kamukamu kumbuyo. Ine manyazi ankandigwira. Tsiku lina ndinawauza bambo pamaso kuti chiphakasa chimenechi angochipereka kwa ogula zitsulo. Iwo anangopitiriza kupukuta galasi.

Anapuma pa ntchito mu 2009. Kuyambira pamenepo anali ndi lamulo limodzi losasintha: galimoto yakale siifuna kukhalitsa chete, iyenera kulizidwa Loweruka lililonse kwa mphindi khumi ndi zisanu, apo ayi imafa.

Mu Novembala 2023 anayamba kudandaula mtima ndi befu. Pa 8 Januwale 2024 anagonekedwa m'chipatala. Tsiku limenelo anandipatsa kiyi wa galimoto m'manja. Sanandipemphe china chilichonse koma ichi chokha, kuti Loweruka lililonse ndizikailiza galimoto ija, ndizijambula kulira kwake pafoni, n'kutumizira mayi kuti aziwatsegulira iwo azimvetsera. Ndinavomera.

Loweruka loyamba ndinapitadi. Inatsokomola katatu, kenako inalira, galu wa aneba n'kuuwa. Ndinajambula, ndinatumiza. Loweruka lachiwiri ndinali ndi msonkhano wa kuntchito, ndiye ndinangotumizanso mawu omwe aja, mumtima ndikuti adziwa bwanji. Loweruka lachitatu kunalibe msonkhano uliwonse, unali ulesi chabe. Abale anga, kuchoka kwanga kufika pa nyumba ya bambo ndi mphindi makumi awiri basi. Ndinatumiza mawu omwewo kakhumi ndi kawiri, ndipo ndikapita kukawaona kuchipatala ankandithokoza, ine n'kumavomera kuthokozako osaphethira n'komwe.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 9 Epulo 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 75.

Dzulo mayi anandiitanira kuchipinda n'kundiuza zimene sindinkadziwa. Bambo anazindikira pa sabata yachiwiri pomwe. Akuti anamvetsera, anapendeketsa mutu monga ankachitira, n'kunena kuti galimoto yawo sinalirepo mofanana kawiri chiyambire, komanso palibe galu amene amauwa pamalo omwewo sabata iliyonse. Mayi anafuna kundikalipira, koma bambo anawaletsa. Anati mwanayo ntchito yamuchulukira, musamuchititse manyazi. Ndipo Loweruka lililonse ankaitanitsabe foni ija, n'kumvetsera mpaka kumapeto.

Mayi anandiuzanso khumbo lawo lomaliza, loti galimoto yawo idzatsogolere popita kumanda. Ndinathamanga kukaivundukula. Ndinapotokola kiyi, zii. Amakanika anayesetsa mpaka madzulo, anasintha batire, koma petulo anali ataundana m'mapaipi ndipo makoswe anali atadya mawaya. Galimoto imene bambo anaisunga yamoyo zaka makumi anayi, ine ndaipha m'miyezi itatu.

Bambo, ndinakunamizani, ndipo munandikhululukira ndisanapepese n'komwe. Chimenecho ndiye chikundipweteka koposa. Mayi, achimwene, azichemwali anga, ndinalakwa, mundikhululukire.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, adzukulu asanu ndi anayi, komanso achemwali awo mmodzi. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, akumpingo, anzawo a kuntchito, aneba amene mwatigonera pano kuyambira Lachiwiri, ndi amakanika amene dzulo anakana kuchoka mpaka atayesa zonse. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Ndili ndi pempho limodzi. Kumanda si kutali, ndipo khumbo la bambo tilikwaniritsa m'njira imene banja lino limaidziwa bwino. Mayi avomera kukhala pa chiwongolero. Achinyamata amene mwadzipereka kuti muthandize, zikomo, koma muyambe mwandisiyira malo apakati kumbuyoko, pamene bambo ankaika manja awo. Galimoto ikakhala patsogolo, bokosi litsatire.

Lero ndi Loweruka, bambo, ndipo ndabwera. Usani mumtendere.