Olomositi wa ba Nkole

Tandiuzeni, inu ophunzira: ndani amafika pakhomo matako akadali pa benchi? Mwalephera? Ine ndinamuona Loweruka pa siteji ya Kanyama, bambo wa suti, mbale zokutira pamwendo, akukuwa pa foni. Pambali pake panakhala mayi wosamudziwa.

"Ni ine Nkole! Bauzeni nili olomositi!"

"Imwe batate, olomositi ni komboni iti? Pano ni pa Kanyama, na basi ikalibe kubwela."

"Ni Chizungu, mama. Chitanthauza pafupi, kwasala pang'ono chabe."

"Pafupi na kuti?"

"Na Kabanana. Nine shibukombe, nipeleka mbale za mnyamata ofuna kukwatila."

"Kabanana? Tauni yonse ili pakati! Ise tikakamba pafupi, ninshi galu wa pa nyumba wayamba kale kuuwa. Banthu bauka kuseni kuphika, mwana wabene bamukhazika mu chipinda, imwe muli pano kunama mu Chizungu!"

"Vuto simunaphunzile. Olomositi imatambasuka monga legeni. Ine vikwati namanga vambili. Ba ku chikazi ufunika kubalindilitsa, ndiye bamakuopa."

Foni ya mayiyo inalira.

"Halo, Luse? Leka kulila, mwana wa mlongo wanga. Ba shibukombe ba chikwati chako nili nabo pano pa Kanyama, bakuti bafuna tibaope. Uza batate bako bakhome geti. Aba bakagogoda, muzibayankha kuti olomositi."

Siteji yonse inafa ndi phwete.