Mkamwini Wothawa Kwawo

A Lackson, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, anali ndi ndakatulo zodzaza katoni ya sopo, koma panalibe wosindikiza mabuku amene anavomerapo ngakhale imodzi. Masana ena anatulukira pakhonde foni ili m'manja, napeza akazi awo, a Dorcas, akuswa mtedza m'lichero. Apa panali pamudzi wa kwawo kwa mayiwo, kufupi ndi Nsaru, pamene bamboyo anakwatira chikamwini.

"Mayi a Rozaria, tasiyani kaye mtedzawo. Mulungu wayankha."

"Amen. Wayankha za mvula?"

"Za buku! Mwana wanu Rozaria wanditumizira uthenga. Kuli osindikiza ena akufuna zolemba za anthu othawa kwawo, osamuka ndi obwera. Buku lathunthu, dzina la mwiniwake pachikuto."

"Alemekezeke. Ndiye mukawauze bambo a ku Burundi aja a golosale pa Nsaru. Amakonda zowerengawerenga."

"Eya, ndikadziitanire ndekha opikisana nawo. Wothawa kwawo ndi uyu mukumuonayu."

A Dorcas anasuzumira kumbuyo kwa amuna awo, kuti mwina kwaima munthu wina.

"Ndikunena ine, mayi!"

"Inu munathawa?"

"Kodi kuno ndi kwathu? Mchombo wanga uli ku Nambuma. Pano ndine mkamwini, mlendo, wobwera."

"Ku Nambuma komwe munapita Loweruka pa njinga kukaona mbuzi zanu?"

"Kutalika kwa dziko sayeza ndi njinga. Amayeza ndi mtima."

"Oho. Koma mtimawo unabwerako tisanadye chamasana."

A Lackson anakoka mpando, nakhala, natulutsa cholembera m'thumba la malaya. Anadziuza kuti munthu amene anapirira ana a sitandade wani sangagonje kwa mayi mmodzi ndi lichero lake.

"Tamverani. Akufuna ndifotokoze mmene ndinachokera kwathu ndi mavuto amene ndakumana nawo kuno. Inu munalipo. Tandikumbutsani."

"Munabwera mutavala suti ya achimwene anu, mwendo wa thalauzi mutaumanga ndi luzi kuopa tcheni."

"Osati zovala! Zoopsa za m'njira."

"Galu wa a Yunisi, oyandikana nafe aja, anakuthamangitsani."

"Ehe! Imeneyo!" Cholembera chinayamba kuvina papepala. "Ndinathamangitsidwa ndi chilombo cholusa..."

"Kanali kamwana ka galu. Kankafuna mandasi amene munanditengera."

Cholembera chinaima.

"Chabwino. Malire. Ndinawoloka mtsinje, njinga ili paphewa."

"Unali wouma. Tinakwatirana mu Okutobala."

"Kodi inu muli mbali yanga kapena mbali ya mtsinje?"

"Ndikungokukumbutsani, paja mwandipempha. Komatu bambo a Rozaria, anthu enawo anathawa mfuti. Ena anasiya ana m'njira. Inu munathawa chiyani?"

"Zambiri."

"Ine ndinkaona ngati mukuthamangira kuno. Sindinadziwe kuti kumbuyo kunali chokupirikitsani."

A Lackson anatsokomola, natapa mtedza m'lichero osapempha. A Dorcas anakankhira licherolo kufupi ndi mpando wa amuna awo.

"Chilankhulo," anatero akutafuna. "Wobwera aliyense amavutika ndi chilankhulo cha eni dziko."

"Cha kuno ndi cha ku Nambuma n'chimodzi."

"N'chimodzi, eti? Nanga bwanji ndikamalankhula simundimva?"

"Ndikukumvani. Mwati chilankhulo."

"Ambuye, ndipatseni mphamvu. Nanga nkhanza za abale anu? Zimenezo muzikananso?"

"Achimwene anakupatsani dimba."

"La achule!"

"Anakumangirani chigafa cha fodya."

"Chigafa chake chija? Ndikalowamo ndimachita kuwerama ngati ndikupepesa."

"Anayeza ndi msinkhu wawo. Sanadziwe kuti ndi nkhanza."

"Ndipo amalume anu anandilimitsa munda wa apongozi, ngati kapolo, dzuwa lili pamutu!"

"Munalima mizere ingapo n'kumva msana. Yotsalayo anamaliza amayi, n'kukutumizirani phala."

A Lackson analikumbukira phala lija. Linali lotsira nsinjiro, ndipo malemu apongozi analivundikira ndi mbale ina kuti lisazizire, nauza ana kuti asasokosere pafupi ndi nyumba ya aphunzitsi. Anachita changu kuthamangitsa chikumbumtimacho, poona kuti chiwaonongera buku.

"Zimenezo sizilembedwa," anatero. "Wowerenga wa kunja safuna phala. Amafuna misozi."

"Ndiye mulemba bodza?"

"Si bodza. Ndi luso."

"Luso limeneli mukagawa nalo Mgonero Lamulungu?"

"Mgonero ukulowa bwanji m'nkhani ya mabuku?"

"Dzanja lake ndi lomwelo."

Apa a Lackson anaimirira, cholembera chinagwera m'makoko a mtedza.

"Zikomo kwambiri! Zikomo inu ndi mbumba yanu yonse! Zaka zonsezi kundisunga bwino, kundidyetsa, kundilonjera m'mawa ndi madzulo. Mwandiphera buku! Akamwini anzanga amathamangitsidwa, katundu kuponyedwa pabwalo anthu akuona. Ine? Ngakhale wondiloza chala! Wolemba angakule bwanji pamudzi wotere?"

"Pepani. Sitinadziwe kuti tikukulakwirani."

"Mukanadziwa bwanji? Munali otanganidwa ndi kundichitira zabwino."

"Ndiye chikusowa n'kuthamangitsidwa basi?"

"Mwamva tsopano! Lero lokha mutu wagwira."

"Mukathamangitsidwa, bukulo asindikiza?"

"Mawa lomwe!"

A Dorcas anatola cholembera, nachipukuta ndi chitenje, nachibweza m'thumba la amuna awo. Kenaka anasansa makoko pamiyendo n'kulowa m'nyumba. A Lackson anakhalanso pansi mtima uli m'malo. Anadziwa kuti mayiyo akagonja salankhula, amangopita kukatereka tiyi.

Koma chimene chinatuluka pakhomo sichinali tiyi. Choyamba inatuluka katoni ya ndakatulo, yomangidwa bwino ndi mphira wa njinga. Pambuyo pake chikwama.

"Ichi n'chiyani?"

"Malaya ndasankha osita kale. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ali m'thumba la kumbali, limodzi ndi Baibulo. Mumwe mukadya, osati m'mimba muli gwa. Ndaikamonso mtedza wokazinga wa m'njira."

"Njira yopita kuti?"

"Zimenezo wothamangitsidwa sauzidwa. Kapena munkafuna ndiponye pabwalo? Ndaopa fumbi, malayawo ndi oyera."

"Mayi a Rozaria, ndimanena papepala!"

"Papepala pokha likanakhala bodza. Panopa mukalemba zoona zokhazokha. Ndiitane anthu adzaonerere?"

"Musaitane munthu!"

"Chabwino, mboni ndikhala ine. Tiyeni tipempherere ulendo."

A Dorcas anatsinzina, manja atapinda. A Lackson, mwa chizolowezi cha zaka zambiri, anapezeka atavula chipewa.

"Atate, yang'anirani mlendo uyu kumene akupita. Mum'patse mavuto okwanira buku, koma osapitirira pamenepo. Amen."

"Amen... ayi! Sindikuvomera!"

"Mwavomera kale."

A Lackson anayang'ana chitseko. A Dorcas anali ataima pakati pake, nkhope ili phee ngati ya munthu amene wathandiza mnzake pa nthawi yake. Bamboyo anadikira kuti mwina aseka. Sanaseke.

"Chabwino!" anakuwa, akumangirira katoni pa keliyala ya njinga. "Mudzandifuna! Mudzamva dzina langa pa wailesi! Ndikupita kwathu ku Nambuma, kumene amadziwa ulemu wa munthu wophunzira!"

A Dorcas anatsika pakhonde msangamsanga, nagwira chiwongolero cha njinga ndi manja awiri.

"Ku Nambuma kokha ayi, bambo a Rozaria. Mukangofika kwanu simukhalanso wothawa kwawo. Buku lija mulitaya."