Nkhumba Imene Azakhali Anakana Kubweza

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, a kuno ku Chadiza ndi inu amene muli kutali. Ine ndine Tikambenji, mwana wa ku Zemba, ndipo lero ndili ndi digiri ya kayendetsedwe ka chuma, imene kusukulu timangoti fainansi. Sindibisa, ndimanyada nayo kwambiri. Koma digiri imeneyi inatsala pang'ono kufera m'khola la nkhumba, ndipo amene anaikankhira m'menemo ndinali ine ndemwe. Ndikufuna mumve mmene Mulungu anaitulutsira.

Kuyambira ndili wamng'ono ndinkafuna kudziwa chifukwa chimene wogula thonje amalemera pamene wolima thonjelo nsapato zake n'zong'ambika. Funso limeneli ndi limene linandifikitsa ku yunivesite ku Lusaka. Kumudzi anthu sankamvetsa zimene ndinkaphunzira. Uphunzitsi amaudziwa, unesi amaudziwa, koma za ine ankangoti, "Mwana wa a Phiri akuphunzira ndalama." Atate ankavomera ndi mutu mwaulemerero ngati akumvetsa zonse.

Fizi yanga inkachokera ku nkhumba. Atate sankasunga nkhumba zawo malo amodzi. Zina zinali pakhomo pathu, zina kwa mnzawo wa kumpingo kufupi ndi boma, ndipo yaikazi imodzi yaikulu inali kwa mlongo wawo, azakhali a Velonika, ku Zingalume kumene atate anabadwira. Kwathu timachita choncho kuyambira kale. Umasungitsa chiweto kwa mnzako, chikaswa iye amatengapo ana ena monga mwa pangano, otsalawo ndi ako. Nthawi yotsegulira sukulu ikayandikira atate ankakwera njinga, kugulitsa ziwiri kuno, imodzi uko, fizi n'kukwana.

Nditamaliza chaka chachiwiri ndinabwera kutchuthi mutu utakula. Ndinali nditakhoza bwino phunziro la mmene bizinesi imatsekera mipata yotayira chuma, ndiye ndinatenga pepala n'kuwaonetsa atate kuti ana a nkhumba amene amatsala kwa osunga ndi phindu lotayika. Ndinati timange khola limodzi lalikulu la njerwa, nkhumba zonse zibwere pakhomo, chilichonse chikhale chathu. Atate anakanda kumutu nati makolo awo sankachita choncho. Ine ndinayankha kuti makolo awowo sanapite ku yunivesite. Abale inu, pakamwa pangapa! M'mawa mwake atate anayamba kuumba njerwa. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu amaopa kutsutsa mwana wophunzira, ngakhale akumulipirira ndi iye yemwe.

Mnzawo wa kumpingo uja anabweza nkhumba popanda kuvuta. Azakhali anakana. Ndinapalasa njinga ndekha mpaka ku Zingalume, ndipo ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza masamu anga onse, kenako anati, "Mwanawe, nkhumba iyi ili ndi bere, siikwera ngolo. Ukawauze atate ako kuti wakana ndine." Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawauza m'maso muli gwa kuti akuwadyera atate masuku pamutu, ndipo ndinachoka osatsanzika, madzi amene anandipatsa osamwa. Chaka chonse sindinawapatse moni, ngakhale wa pafoni.

M'chaka chachitatu tinayamba phunziro la mmene munthu amatetezera chuma ku tsoka. Tsiku lina aphunzitsi anafotokoza kuti wanzeru saika zonse pa chinthu chimodzi, amazimwaza m'malo osiyana kuti tsoka likagwa mbali ina, mbali inayo itsale. Anzanga ankalemba mwachangu, koma ine cholembera chinaima m'manja. Zimene zinalembedwa pa bolodi m'masamu ataliatali zinali zomwe atate ankachita ndi njinga yawo yakale, ndipo ine ndinali nditaziphwasula ndi pepala limodzi. Ndinaganiza zowaimbira foni tsiku lomwelo, koma manyazi anandigwira. Ndinadziuza kuti ndikakonza ndikapita kutchuthi.

Chigodola sichinadikire tchuthi. Matenda a nkhumba amenewa analowa m'dera lathu, ndipo m'sabata imodzi khola lonse linatha psiti. Amayi anandiimbira akulira. Alangizi a ziweto analamula kuti zonse zikwiriridwe, choncho panalibe ngakhale nyama yoti n'kugulitsa. Kusukulu lamulo linali loti wosalipira salembetsa chaka chomaliza. Ndinalemba mayeso a chaka chachitatu mtima uli kwina, kenako ndinalongedza katundu wanga yense, ndi ndowa yomwe, n'kubwerera ku Zemba.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti atate sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Ankadzuka m'mawa, kusesa m'khola lopanda kanthu lija, n'kunyamula khasu kupita kumunda. Akanandikalipira bwenzi ndili bwino. Pamjigo amayi ena ankanong'ona, ndipo olimba mtima ankaseka poyera kuti wophunzira ndalama uja wathetsa ndalama. Ndinasiya kupita ku kwaya. Ndinayenda m'maofesi ndi m'mashopu pa boma kufuna ntchito iliyonse, koma paliponse ankati ndibwere mwezi wamawa. Amayi a chigwirizano a mumpingo mwathu anasonkha zimene akanatha, Mulungu awadalitse, koma zinangokwana minibasi ya ku Chipata ndi basi ya ku Lusaka. Ndinayamba kuvomereza kuti zaka zitatu zapita pachabe.

Kutatsala sabata imodzi kuti kulembetsa kutsekedwe, ndinalowa m'tchalitchi masana mulibe munthu. Ndinagwada pakati pa mabenchi, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinayambe ndi kupempha. Ndinati, "Ambuye, ndinanyoza atate, ndinatukwana azakhali, ndinadziyesa wanzeru kuposa amene anandilera. Ngati sukulu yathera pano, ndipatseni mtima wovomera. Koma ngati pali njira, musalange atate chifukwa cha ine." Ndinatuluka maso atatupa, m'thumba mulibe chimene chasintha, koma ndinapita kukagwada kwa atate n'kupepesa. Iwo anangoti, "Zachitika, mwana wanga."

Loweruka lake m'mawa tinaona munthu akutsika panjinga ya hayala pafupi ndi mtengo wa mango. Anali azakhali a Velonika. Ine ndinafuna kuthawira kuseri kwa nkhokwe, koma amayi anandigwira mkono. Azakhali anakhala pamphasa, anapatsana moni ndi aliyense mosafulumira, anafunsa za mtedza, za mwendo wa amayi, za maliro a kutsidya. Atatha zonsezo ndi pamene anamasula kansalu kamene anamanga m'chiuno.

Nkhumba imene anakana kubweza ija inali itaswa kawiri, ndipo chigodola sichinafike kumudzi kwawo. Atamva za tsoka lathu anagulitsa ana onse kwa ogulitsa nyama a komweko, a atate pamodzi ndi awo omwe, amene anali gawo lawo la kusunga. Anangosiya make. Anaika mitolo iwiri ya ndalama pamphasa nati, "Uwu ndi wa atate ako, uwu ndi wanga. Yonse ipite ku Lusaka. Ukamalize, ndipo ukabwera udzandiphunzitseko ndalamazo." Ndinagwa pamiyendo pawo ndikulira ngati mwana, mawu opepesa osatuluka bwino. Iwo anandisisita kumutu nati ndidzuke, ndikuwanyowetsera chitenje chatsopano.

Ndalamazo zinakwana theka loyamba la chaka. Theka lachiwiri linachokera ku mtedza wa amayi ndi ana ena amene nkhumba yomweyo inaswa. Sindinganame kuti zinali zophweka, masiku ena ndinkadya kamodzi, koma ndinalembetsa tsiku lotseka lisanafike.

Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wake. Anzanga anasankha mabanki ndi msika wa masheya, ine ndinasankha mwambo wathu wosungitsa ziweto. Ena ankandiseka kuti ndikufuna digiri ya nkhumba, ndipo ndinkawayankha kuti eya, yomweyo. Ndinayenda panjinga m'midzi ya ku Zemba ndi ku Zingalume, kukhala pansi ndi alimi, nthawi ino kukamvetsera osati kukaphunzitsa. Tsiku lofotokoza ntchito yanga pamaso pa aphunzitsi, mmodzi anandifunsa kumene ndinatenga maganizo amenewa. Ndinaimirira mowongoka n'kunena kuti ndinawatenga kwa atate anga ndi azakhali anga, alimi a ku Chadiza amene sanamalize pulayimale. Mkulu wa aphunzitsiwo anavula magalasi, nati agogo ake ankachita chimodzimodzi ndi ng'ombe, koma iye waphunzitsa zaka zonsezi osaziganizira. Ndinakhoza bwino kwambiri, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tsiku lolandira digiri atate anavala jekete yobwereka, ndipo azakhali anaponda Lusaka koyamba. Dzina langa litaitanidwa, nthungululu ya azakhali inamveka m'holo yonse mpaka anthu anatembenuka. Titatuluka panja ndinagwada pansi ndi gauni langa lomwelo pamaso pa awiriwo, fumbi kapena ayi, n'kuika pepalalo m'manja mwawo. Atate analigwira ndi manja awiri, ndipo anangoti, "Zikomo, Yehova."

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Chipata yothandiza alimi pa nkhani za chuma, ndipo mlimi akalowa ndimayamba ndamufunsa mmene iye amachitira ndisanatsegule pakamwa ndi nzeru zanga. Ndikuthokoza Mulungu amene anandichepetsa osandiphwanya. Ndikuthokoza atate chifukwa cha kudekha kwawo, amayi, ndi onse amene anandipempherera.

Mawu anga ndi a inu amene mwagwa chifukwa cha kulakwa kwanu komwe, amene mukuopa ngakhale kupemphera poti mukudziwa kuti munazichita dala. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndikukuuzani kuti Mulungu amamvanso pemphero la wolakwa. Pitani mukapepese kumene munalakwira, gwadani, ndipo sukulu kapena ntchito imene munayamba musaitaye. Munthu amene ndinamutcha wakuba pakhonde pake ndi amene Ambuye anamutuma kudzandimalizitsa sukulu. Dzina lawo litamandike. Ameni.